Kusankha Koleji Yophunzirako Zojambulajambula kwa Zaka Ziwiri ku America

Digiri yotchedwa associate imatenga zaka ziwiri, ndipo kwawo kwenikweni ndi ku United States of America. Imakhala pakati pa satifiketi ya kusekondale ndi digiri ya zaka zinayi, ija ya bachelor. Ku Malawi pepala loyandikana nayo ndi dipuloma, ngakhale kuti ziwirizi sizifanana ndendende, chifukwa digiri ya associate kawirikawiri amaikonza kuti ikhale theka loyamba la digiri yaikulu. Mayiko ena, monga Australia ndi Netherlands, komanso chigawo cha British Columbia ku Canada, nawonso amaipereka, koma ku America ndi kumene inazika mizu. Wofuna kuphunzira kujambula pamanja, kupenta, kusema, kuumba, kutola zithunzi, kukonza zithunzi pakompyuta kapena mbiri ya zaluso angathe kuipeza m'makoleji mazanamazana. Dzina la digiriyi ndi limodzi kulikonse, koma phindu lake limadalira koleji imene yaipereka.

Makoleji ambiri opereka digiriyi ndi aboma, otchedwa community college, kutanthauza koleji ya anthu a m'deralo. Yakale kwambiri imene ikugwirabe ntchito ndi Joliet Junior College ya m'chigawo cha Illinois, yomwe inayamba mu 1901 ndi ophunzira 6 okha. Maganizo oiyambitsa anachokera kwa William Rainey Harper, mkulu wa University of Chicago, ndi J. Stanley Brown, amene ankayang'anira sukulu ya sekondale ya ku Joliet. Awiriwa ankaona kuti maphunziro a zaka ziwiri zoyambirira za kuyunivesite angathe kuphunzitsidwa kufupi ndi kwawo kwa ophunzira pa mtengo wotsika, kenaka okhoza bwino n'kupita kukamalizira ku yunivesite. Mu 1947 komiti imene pulezidenti Harry Truman anaika kuti iunike maphunziro apamwamba inalimbikitsa kuti makoleji otere afalikire, ndipo lero alipo pafupifupi 1,000. Ambiri amalandira aliyense amene anamaliza sekondale. Zimenezi zimachititsa anthu ena kuwaderera, koma n'kulakwa. George Lucas, amene anapanga mafilimu a Star Wars, anayambira ku Modesto Junior College asanapite ku University of Southern California, ndipo Wayne Thiebaud, katswiri wopenta wodziwika ndi zithunzi za makeke, anaphunzitsa pa koleji yotere mumzinda wa Sacramento m'zaka za m'ma 1950.

Maphunziro a kumeneko amawerengedwa ndi mfundo zotchedwa ma credit. Phunziro limodzi la semesita imodzi nthawi zambiri limapereka ma credit atatu. Digiri ya associate imafuna ma credit pafupifupi 60, pamene ya bachelor imafuna pafupifupi 120. Wophunzira amaloledwa kusamuka ndi ma credit ake kupita ku sukulu ina, koma sukulu yomulandirayo ndi imene imagamula kuti ndi angati amene iwawerengera. Nkhani yonse ya kusankha koleji yagona pamenepa.

Pansi pa dzina limodzi lija pali mitundu itatu ya digiri yolowera kosiyana. Woyamba ndi Associate of Arts, mwachidule AA. Mawu akuti Arts m'dzinali asokoneza anthu ambiri, pakuti satanthauza zojambula ayi; amanena za maphunziro a chidziwitso chosiyanasiyana. Wophunzira wa AA amathera nthawi yambiri pa kalembedwe ka Chingerezi, masamu, sayansi, mbiri yakale ndi zina zotero, ndipo zojambula zimangotenga gawo lochepa. Digiriyi imamuyenera amene akufuna kudzaphunzira mbiri ya zaluso, kugwira ntchito kumalo osungirako zinthu zakale, kapena kudzakhala mphunzitsi. Imasamukanso mosavuta kuposa zinzake.

Wachiwiri ndi Associate of Fine Arts, kapena kuti AFA, ndipo uwu ndi wa munthu amene manja ake amayabwa akapanda kugwira pensulo kapena dongo. Gawo lalikulu la nthawi yake limathera mu situdiyo. Cholinga chake n'kukonzekeretsa wophunzira kuti akalowe digiri ya Bachelor of Fine Arts, imene malinga ndi miyezo ya bungwe loona za sukulu za luso m'dzikomo, National Association of Schools of Art and Design, pafupifupi magawo 65 pa 100 a maphunziro ake amayenera kukhala a luso lenilenilo. Munthu amene watenga AA n'kufuna kulowa digiri imeneyi amapezeka kuti maphunziro a mu situdiyo akumuperewera.

Wachitatu ndi Associate of Applied Science, AAS, digiri yokonzera munthu kukayamba ntchito akangomaliza: kukonza zikwangwani ndi zotsatsa malonda, kukongoletsa m'nyumba, kutola zithunzi, kukonza masitayilo a zovala. Ndi yabwino kwa amene akufuna ntchito mwamsanga, koma mayunivesite ambiri amakana gawo lina la ma credit ake chifukwa amawaona ngati maphunziro a ntchito chabe. Pali sukulu zina zimene zinakonza njira yakeyake. Ku Fashion Institute of Technology mumzinda wa New York, sukulu yaboma imene inayamba mu 1944, ophunzira ambiri amayamba ndi AAS kwa zaka ziwiri, kenaka n'kufunsira malo oti apitirize digiri ya zaka zinayi pasukulu pomwepo. Kwina konse, wotenga AAS ayenera kufunsa kaye ngati khomo lopitirizira lidzakhala lotsegula.

Pa chifukwa chimenechi kusankha kwabwino kumayambira kumapeto. Wophunzira amayamba wadziwa kumene akufuna kukathera, kaya ndi pantchito, kaya ndi pa yunivesite yakutiyakuti, ndipo akatero amafufuza koleji imene njira yake imakafika kumeneko. Ambiri amachita mosemphana: amalowa koleji yoyandikira kapena imene mnzawo analowa, n'kumaganiza za mawa chaka chachiwiri chili kumapeto.

Zotsatira zake zimaoneka m'ziwerengero. Akatswiri a ku Community College Research Center, pa Columbia University, apeza kuti mwa ophunzira 100 alionse olowa makoleji amenewa, pafupifupi 80 amanena kuti akufuna kudzafika pa digiri ya bachelor, koma amene amasamukiradi ku yunivesite ndi mmodzi mwa atatu alionse, ndipo amene amaipeza digiriyo m'zaka 6 ndi pafupifupi 16 okha. Zifukwa zilipo zambiri, umphawi ndi ntchito zili m'gulu lomwelo, koma kutayika kwa ma credit n'chimodzi mwa zikuluzikulu. Mu 2017 ofesi ya boma younika kayendetsedwe ka ndalama, Government Accountability Office, inanena kuti ophunzira amene anasamuka sukulu pakati pa 2004 ndi 2009 anataya pafupifupi magawo 43 pa 100 a ma credit awo. Ochokera m'sukulu zoyendetsedwa ngati bizinesi kupita m'sukulu zaboma anataya magawo 94 pa 100. Credit yotayika ndi phunziro lofunika kulibwereza, ndiponso ndi fizi yolipira kawiri.

Chimene chimateteza wophunzira ndi mgwirizano wolembedwa pakati pa koleji ndi yunivesite, umene pa Chingerezi amautcha articulation agreement. Mgwirizanowu umatchula phunziro lililonse ndi limene likufanana nalo ku yunivesiteko. Zigawo zina zinauika m'malamulo. Ku Florida, kuyambira mu 1971, womaliza AA pa koleji yaboma amatsimikiziridwa malo pa imodzi mwa mayunivesite aboma a m'chigawocho, ndipo sukulu zabomazo zimagwiritsa ntchito manambala ofanana a maphunziro kuti pasakhale mkangano. Ku California, kumene kuli makoleji 116 a mtunduwu, lamulo la mu 2010 linayambitsa digiri yapadera yosamukira, Associate Degree for Transfer, yomwe ilipo ya luso la mu situdiyo ndi ya mbiri ya zaluso. Woitenga amatsimikiziridwa malo a chaka chachitatu pa imodzi mwa sukulu za California State University. Koma lonjezoli lili ndi malire ake: limapereka malo pa sukulu ina mwa sukuluzo, osati pa imene wophunzirayo akuilakalaka.

Kwa ophunzira zaluso pali chopinga china chimene anzawo a masamu kapena mbiri sakumana nacho. Yunivesite ikhoza kumulandira munthu, dipatimenti ya zaluso n'kumuuza kuti iyambe yaona ntchito za manja ake. Ntchito zosankhidwa bwinozi, zimene zimasonkhanitsidwa pamodzi n'kutchedwa portfolio, kawirikawiri zimakhala pakati pa 10 ndi 20. Aphunzitsi akaziona n'kupeza kuti sizikufika pa muyezo wawo, amamubweza wophunzirayo kuti akabwereze maphunziro oyambirira ngakhale kuti anawakhoza kale. Komanso maphunziro a mu situdiyo amayenda motsatana, lina likatha kenaka linzake, moti sangapanikizidwe m'semesita imodzi. N'chifukwa chake ena amene ankayembekezera kutsala ndi zaka ziwiri amapezeka kuti atsala ndi zitatu. Funso lofunika kuifunsa koleji ndi lakuti: ophunzira zaluso amene anamaliza chaka chatha anapita kuti, ndipo analandiridwa m'chaka chachingati? Dipatimenti yosamala ana ake imayankha mosazengereza, ndipo imatchula mayina a sukulu. Wophunziranso adzithandize yekha posunga ndondomeko ya phunziro lililonse ndi kutola zithunzi zooneka bwino za ntchito zake zonse, chifukwa izi ndi zimene zimakhala umboni wake pa tsiku losamuka.

Zonsezi zimagwira ntchito pokhapokha ngati kolejiyo ndi yovomerezeka. Ku America boma silivomereza makoleji palokha. Ntchitoyi ili m'manja mwa mabungwe oima paokha amene boma limawazindikira, monga Higher Learning Commission, Middle States Commission on Higher Education, ndi Accrediting Commission for Community and Junior Colleges. Mayunivesite ambiri akhala akulandira mosavuta ma credit ochokera m'makoleji ovomerezedwa ndi mabungwe a mtundu umenewu. Mayina a makoleji ovomerezeka amapezeka kwaulere pa intaneti kudzera ku unduna wa zamaphunziro wa dzikolo ndi ku bungwe la Council for Higher Education Accreditation. Chivomerezo cha bungwe la sukulu za luso lija, National Association of Schools of Art and Design, lomwe linayamba mu 1944, ndi chizindikiro chabwino chowonjezera, koma makoleji ambiri a zaka ziwiri ophunzitsa bwino alibe, choncho kusowa kwake si chifukwa chothawira.

Nkhani ya sukulu za The Art Institutes ndi yoyenera kuidziwa aliyense amene akusankha koleji ya zaluso. Zinali sukulu zoyendetsedwa ngati bizinesi, ndipo pa nthawi imene zinali pachimake zinali ndi nthambi pafupifupi 50, nyumba zokongola ndi zotsatsa zokopa pa wailesi yakanema. Mu 2015 kampani imene inali mwini wake inavomera kulipira $95.5 miliyoni pothetsa milandu yokhudza njira zimene inkakopera ophunzira. Pa 30 September 2023 nthambi 8 zomaliza zinatsekedwa, ophunzira atangouzidwa kutatsala pafupifupi sabata imodzi. Mu May 2024 boma linafafaniza ngongole zoposa $6.1 biliyoni za anthu pafupifupi 317,000 amene anaphunzira kumeneko, litapeza kuti sukuluzo zinkanama pa chiwerengero cha opeza ntchito ndi pa malipiro awo. Nthambi ina inafika pophatikiza ndalama zimene katswiri wa tenisi Serena Williams ankapeza, poti anaphunzirapo kumeneko, kuti malipiro a omaliza maphunziro aoneke okwera. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ngongole zinafafanizidwa, koma zaka zimene achinyamatawo anataya palibe amene anawabwezera.

Ngakhale sukulu zaulemu wake zimagwa. San Francisco Art Institute, imene inayamba mu 1871, inatseka mu 2022. Mu 2024 University of the Arts ya ku Philadelphia inatseka mwadzidzidzi, ndipo chaka chomwecho Delaware College of Art and Design, sukulu yaing'ono imene inkapereka AFA, inalengeza kuti nayo ikutseka. Sukulu zazing'ono zodalira fizi yokha zimagwedezeka ophunzira akachepa pang'ono. Koleji yaboma ilibe dzina lowala ngati limenelo, koma sikawirikawiri kumva kuti yatsekedwa usiku umodzi.

Pa nkhani ya ndalama kusiyana n'kwakukulu. Bungwe la College Board linawerengera kuti m'chaka cha maphunziro cha 2024 mpaka 2025 fizi ya pachaka pa koleji yaboma ya zaka ziwiri inali pafupifupi $4,050 kwa wokhala m'deralo, pa yunivesite yaboma inali $11,610 kwa wa m'chigawo chomwecho, ndipo pa yunivesite yomwe si yaboma inali $43,350. Ku California wokhala m'chigawocho amalipira $46 pa credit iliyonse. Nzika zosauka zimathandizidwa ndi boma kudzera mu thandizo la Pell Grant, limene linafika $7,395 pachaka ndipo silibwezedwa. Mtengo woyenera kuyerekezera ndi umene umatsala thandizo lonse likachotsedwa, ndipo tsamba laboma la College Scorecard limaonetsa mtengo umenewu pamodzi ndi chiwerengero cha omaliza maphunziro pa sukulu iliyonse. Wophunzira zaluso awonjezerepo zake: utoto, mabulashi, mapepala okhuthala, nsalu zopentapo, dongo, nthawi zina kamera ndi kompyuta yamphamvu. Zimenezi sizilembedwa pa fizi koma zimadya thumba semesita iliyonse. Makoleji ambiri a mtunduwu alibenso malo ogona ophunzira, choncho lendi ndi thiransipoti zimaposa fizi kutali.

Mapepala akakhala bwino, chotsala n'kukaona ndi maso, ndipo tsiku loyenera ndi tsiku wamba la maphunziro, osati tsiku lolandira alendo pamene zonse zasesedwa. Luso limaphunziridwa ndi zipangizo. Wofuna kuumba aone ngati pali uvuni wootchera ziwiya ndi mawilo oumbira okwanira; wofuna kusindikiza zithunzi aone makina ake; wosema aone chipinda cha matabwa ndi chowotcherera zitsulo. Aonenso mmene mpweya umayendera m'zipindazo, pakuti fumbi la dongo louma limawononga mapapo, ndipo mitundu ina ya utoto ndi mankhwala osungunulira ili ndi poizoni. Chofunika kwambiri, chimene ambiri amaiwala kufunsa, ndi nthawi imene situdiyo imakhala yotsegula kalasi ikatha. Phunziro la mu situdiyo la ma credit atatu limakumana pafupifupi maola 6 pa sabata, kuwirikiza kawiri phunziro la m'kalasi wamba, ndipo ntchito yake simathera pomwepo. Koleji imene imakhoma zitseko dzuwa likangolowa imamulanda wophunzira theka la maphunziro ake, makamaka amene masana amakhala ali kuntchito.

Chaka choyamba pa koleji yabwino chimakhala cha maziko: kujambula zinthu zimene maso akuona, kasanjidwe ka zinthu papepala, kuumba ndi kumanga zinthu zogwirika, kasakanizidwe ka mitundu, ndi mbiri ya zaluso kuyambira pa zojambula za m'mapanga mpaka lero. Pamakhalanso phunziro la kujambula thupi la munthu, limene nthawi zambiri wojambulidwayo amakhala wosavala. Kwa wokulira m'chikhalidwe chimene zotere ndi zochititsa manyazi, ndi bwino kudziwiratu. M'sukulu za luso ndi mwambo wakalekale wophunzirira mafupa, minofu ndi kaimidwe ka thupi, ndipo umachitika mwaulemu ndi malamulo okhwima. Koleji imene imalumpha maziko onsewa n'kuthamangira kuphunzitsa mapulogalamu a pakompyuta imatulutsa anthu odziwa mabatani a chaka chino, amene mawa adzasintha.

Aphunzitsi nawo afufuzidwe. Ambiri m'makoleji amenewa ndi aganyu, olipidwa pa phunziro lililonse, ndipo ena amathamanga pakati pa sukulu ziwiri kapena zitatu. Pa zaluso zimenezi zili ndi ubwino wake, chifukwa ambiri mwa iwo ndi amisiri amene akugwirabe ntchito ndipo amadziwa msika. Komabe dipatimenti imafunika aphunzitsi angapo okhazikika, opezeka mu ofesi, amene angamuthandize wophunzira kusankha ntchito za mu portfolio ndi kumulembera kalata yomuchitira umboni. Umboni wosanama wa kaphunzitsidwe ndi ntchito za ophunzira zimene zapachikidwa m'makonde ndi pa chionetsero cha kumapeto kwa chaka. Zikakhala zofanana zonse ngati zajambulidwa ndi dzanja limodzi, ndiye kuti ana akungotengera mphunzitsi. Zikakhala zosiyanasiyana koma zonse zojambulidwa mwaluso, pamenepo pali sukulu.

Maphunziro a pa intaneti amayenda bwino pa mbiri ya zaluso ndi kukonza zithunzi pakompyuta. Kuumba, kusema ndi kusindikiza zimafuna dzanja la mphunzitsi pafupi.

Wochokera kunja, monga wa ku Malawi kapena ku Zambia, ali ndi zina zowonjezera. Koleji iyenera kukhala ndi chilolezo cholandira ophunzira akunja, chifukwa ndi yokhayo imene ingapereke fomu ya I-20 yofunsira visa ya ophunzira ya F-1. Wophunzira wakunja salipira mtengo wotsika uja wa eni dera. Amalipira kuwirikiza kawiri, katatu kapena kuposa, ndipo thandizo la Pell Grant silimukhudza. Asanapatsidwe fomuyo amayenera kuonetsa kuti ali ndi ndalama zokwanira fizi ndi zofunika pa moyo kwa chaka chathunthu. Lamulo limafuna kuti azitenga ma credit osachepera 12 pa semesita, ndipo limamulola kugwira ntchito ya pasukulu pomwepo maola osapitirira 20 pa sabata sukulu ikakhala ili m'kati. Ndalama za ganyu yotereyi sizingalipire fizi, ndipo banja lisawerengere zimenezo. Malamulo a visa amasinthasintha, ndipo mu 2025 anakhwimitsidwa kwa nzika za mayiko angapo a mu Africa, kuphatikizapo Malawi ndi Zambia, moti zoona zake za nthawiyo ziyenera kufunsidwa ku ofesi ya kazembe. Alangizi a EducationUSA, amene ku Malawi amapezeka ku Lilongwe, amapereka uphungu wa kasankhidwe ka sukulu, ndipo ndi odalirika kuposa madobadoba olonjeza malo ndi visa pa ndalama.

Pa portfolio, wachinyamata wochokera kuno asachite manyazi ndi zimene ali nazo. Zojambula za pensulo ndi makala za msika, za agogo akusenda chimanga, za njinga ya kabaza, chosema cha mtengo kapena mphika woumba yekha zimauza aphunzitsi zambiri kuposa zithunzi zokopera pa intaneti, chifukwa iwo amafuna kuona munthu amene amayang'anitsitsa zinthu zomuzungulira. Amene akufuna kudzabwerera kumudzi ndi digiri ya zaka ziwiri yokha adziwenso kuti olemba ntchito ambiri kuno saidziwa bwino. Ku Malawi mapepala a maphunziro apamwamba ochokera kunja amaunikidwa ndi bungwe la National Council for Higher Education, ndipo makolo ndi ophunzira ayenera kukafunsa kumeneko za kolejiyo ndi digiri yake asanalipire fizi ya semesita yoyamba.